Ana a Khomo la Kuseri

Azakhali ali ndi zaka 58. Ndi mayi wamasiye, amakhala m'nyumba ya lendi ya chipinda chimodzi, ndipo kwa zaka zisanu ndi ziwiri analera ana a anthu ena pa malo othandizira amayi omwe anakodwa mu mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Pamalopo analibe wachibale. Dzina la Azakhali anawapatsa ndi amayi omwewo, ndipo linakakamira mpaka mkulu wa pamalopo anayamba kulilemba pa mapepala.

Asanabwere kumeneko anakolopa ku wodi ya ana pachipatala chachikulu kwa zaka makumi awiri. Amuna awo anali dalaivala wa thiraki, ndipo anafera pamsewu kutali ndi kwawo. Anawasiyira mwana mmodzi wamkazi. Mwanayo anakwatiwa ndi wowotcherera zitsulo, anaphunzira kumwa kwa mwamunayo, ndipo mwamunayo atachoka mowa unatsala. Akuchimuna anabwera tsiku lina ndi kalata ya ku ofesi yoona za ana, nanyamula mdzukulu wa Azakhali wa zaka zitatu ndi kachikwama kake. Mwana wa Azakhali anangokhala zaka ziwiri pambuyo pake. Kuchipatala analemba kuti ndi chiwindi. Azakhali sanatsutse, koma munthu akawafunsa amati mowa unangomuyamba, chinam'maliza ndi nyumba yopanda mwana. Nkhaniyi saitambasula. Mdzukuluyo pano ndi munthu wamkulu ndipo sawadziwa.

Malowo anali nyumba yakale ya zipinda zinayi. Kutsogolo kunali ofesi ya mkulu, bambo wa tayi yemwe amayi ankamutcha a Ndondomeko chifukwa sankamaliza chiganizo popanda mawu amenewo. Kenako chipinda cha anamwino, kenako holo momwe amayi ankakhala mozungulira n'kumauzana mmene sabata yawathera. Kumapeto kwa kolido kunali chipinda cha ana. Munali timatiresi tokutidwa ndi pulasitiki, ndowa ziwiri, mbaula yophikira phala, ndi makapu opachikidwa pa misomali. Chipindacho chinali ndi makomo awiri. Lina linkatulukira m'kolido. Lina linkatulukira kuseri, pa mpopi ndi zingwe zoyanikira.

Pakhomo la m'kolido panali tebulo, patebulopo buku lalikulu. Mayi aliyense wobweretsa mwana ankayenera kusaina m'bukumo, ndipo Azakhali ankayenera kuchonga kamodzi mwa timabokosi tiwiri: wabwera bwino, kapena wabwera atamwa. Mayi akachongedwa katatu kuti wabwera atamwa ali ndi mwana, dzina lake linkapita ku ofesi yoona za ana. Lamulolo silinali loipa. Analiika mwana wina atapsa ndi madzi otentha amake ataledzera n'kugona. Azakhali ankalidziwa bwino lamulolo, ndipo ankaidziwanso kalata imene imabwera pambuyo pake.

Azakhali sanama. Kuchonga kuti wabwera bwino munthu amene akununkha mowa sakanatha, dzanja likanakana. Ndiye anapeza njira yawo. Mayi wobwera bwino ankalowera kutsogolo n'kusaina. Mayi wobwera atamwa ankazungulira nyumba n'kugogoda kuseri. Azakhali ankatsegula, kulandira mwana, n'kutseka. M'buku osalembamo kanthu. Palibe anakhala pansi kupangana zimenezi. Mmodzi anayamba, anzake anaonera. Pofika chaka chachitatu, m'buku munkalembedwa ana asanu kapena asanu ndi mmodzi patsiku, koma masiku ena m'chipindamo munkakhala ana khumi ndi asanu ndi anayi. Phala ankalisungunula ndi madzi mpaka likwane.

Madzulo panali lamulo lawolawo. Mayi wa khomo la kuseri akabwera kudzatenga mwana, Azakhali ankamupatsa kapu yopanda kanthu. Akatunge madzi pampopi, adzaze thothotho, abwere nayo mpaka pakhomo. Akataya panjira, mwana sankatuluka. Mayiyo ankakhala pa njerwa pafupi ndi mpopi, kumwa tiyi wopanda mkaka, kudikira mpaka manja atakhazikika. Ena ankatukwana. Azakhali ankangoti, "Tukwana, koma usataye."

Mwa amayi a kuseriwo, wodziwika kwambiri anali Chipeso, woluka tsitsi wa zaka 26, yemwe ankayenda ndi chipeso chofiira atachizika m'mutu. Zake zinali timabotolo ta mowa waukali ndi mankhwala a chifuwa. Akakhala bwino, sabata ziwiri kapena zitatu, ankalowera kutsogolo khosi lili m'mwamba, n'kusaina ndi zilembo zikuluzikulu zodutsa mzere. Zikamugwira ankazungulira. Mwana wake wamkazi wa zaka zinayi ankamutcha Katsabola chifukwa cha pakamwa. M'buku Chipeso anali atachongedwa kale kawiri, mwezi womwe Azakhali anagona kuchipatala ndi kuthamanga kwa magazi, buku lili m'manja mwa anamwino. Kunatsala kamodzi.

M'mawa wina anagogoda kuseri dzuwa litakwera kale, bulauzi atavala chotembenuza.

"Odi, Azakhali. Lero sindinamwe, ndangolawa."

"Walawa ndi thupi lonse? Ukununkha mpaka kuno. Bweretsa mwanayo."

Katsabola analowa yekha n'kukatenga kapu yake pamsomali. Anauza Azakhali kuti amake agwa kawiri panjira, kamodzi m'ngalande, ndipo iye ndi amene wawatolera nsapato.

"Mlomo umenewo watengera kwa abambo ako," anatero Chipeso.

"Wadya liti mwanayu?"

"Dzulo masana, Azakhali. Kapena m'mawa."

Azakhali anatseka chitseko. Sankalalikira. Kulalikira kunali kwa m'holo.

Chaka chachisanu ndi chiwiri, omwe ankapereka thandizo la ndalama pamalopo analemba kuti atumiza munthu wodzawunika ntchito yonse. Chimene chikuthandiza chipitirira. Chimene sichikuoneka phindu lake chitsekedwa. A Ndondomeko anaitanitsa msonkhano. Anati makoma atsukidwe, udzu udulidwe, mafaelo akhale m'ndondomeko. Kenako anatsitsa mawu n'kunena kuti pa masiku atatu amene mlendoyo akhale pamalopo, zingakhale bwino amayi omwe sali bwino atapumulako kunyumba. Ananena akuyang'ana pazenera. Anamwino anagwedeza mutu kuvomereza. Azakhali nawonso anaona kuti ndi nzeru. Mlendo akaona mayi akudzandira kuseri ndi mwana kumsana, kodi salemba? Anatumiza uthenga kwa amayi a kuseri kuti kuyambira Lachiwiri mpaka Lachinayi asaoneke.

Mlendoyo anali mayi wachitsikana wa magalasi, wovala nsapato zopanda chidendene, woyenda ndi kakompyuta kam'manja. Amayi anamutcha Mafunso tsiku loyamba lomwelo. Sanali wonyada. Anakhala pa benchi limodzi ndi amayi, anamwa tiyi wawo, ndipo atalowa m'chipinda cha ana anavula nsapato osauzidwa. Anapeza ana asanu osamba bwino atakhala pamzere ngati a pachithunzi. Tsiku lachiwiri anapeza asanu ndi mmodzi. Tsiku lomaliza anayi. Anatenga buku, nakhala nalo patebulo masana onse, akutsegula tsamba ndi tsamba kuyambira chaka choyamba.

Pomaliza anaimirira n'kuyang'ana misomali.

"Amayi, makapuwa ndi makumi awiri ndi awiri."

"Eya."

"Ndipo onse ndi otha m'mphepete. Ana asanu ndi mmodzi samatafuna makapu makumi awiri."

"Makapu ndi makapu, mayi," anatero Azakhali, n'kuwerama kupukuta matiresi omwe anali opukuta kale.

Mafunso anadikira pang'ono. Ataona kuti palibe chikubwera, analemba kena kake n'kuvala nsapato zake.

Patatha sabata zitatu a Ndondomeko anaitana Azakhali ku ofesi. Patebulo panali mapepala a zomwe Mafunso wapeza, osamalizidwa, otumizidwa kuti awaone kaye. Holo inayamikiridwa. Chipinda cha anamwino chinayamikiridwa. Za chipinda cha ana kunalembedwa kuti chinakonzedwa kulandira ana makumi awiri, koma kwa zaka zisanu chakhala chikulandira asanu ndi mmodzi patsiku, ndipo amayi omwe amabweretsa anawo ndi omwe ali bwino kale, oti akhoza kuwasiya ku sukulu zamkaka. Amayi omwe ali pamavuto enieni, malinga ndi buku, sachigwiritsa ntchito. Ganizo linali lakuti chitsekedwe pakutha pa chaka.

Azakhali anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anati, "Abwana, kuseri kuja..."

A Ndondomeko anakweza dzanja.

"Amayi, musandiuze. Mukandiuza ndiye kuti ndamva. Ndikamva, ndondomeko mukuidziwa."

Zenera la ofesi yawo linkayang'ana mbali ina, koma fungo la phala la ana ambiri limafika paliponse, ndipo phokoso la ana khumi ndi asanu ndi anayi silifanana ndi la ana asanu. Bamboyo ankadziwa kwa zaka. Sankafuna kungouzidwa. Anawauza kuti Mafunso abweranso kamodzi, kwa masiku awiri, kudzamva ngati pali cholakwika m'mapepalamo asanawatseke.

Atabweranso, Azakhali anamudikirira pageti. Anamutengera kuseri n'kumuonetsa mpopi, njerwa yosalala chifukwa chokhalidwa, ndi kanjira kozungulira nyumba komwe udzu sunkamera. Anamufotokozera zonse, osatchula dzina la munthu. Anamuuzanso za uthenga womwe anatumiza kuti amayi asaoneke masiku atatu aja. Mafunso anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali.

Anati akuwakhulupirira. Anati anaziganizira kuyambira tsiku la makapu. Koma anati mawu a wantchito mmodzi, yemwe ntchito yake ndi imene ikutha, sangathe kugwetsa buku la zaka zisanu lolembedwa ndi dzanja la wantchito yemweyo. Omwe adzawerenge mapepalawo sanaone njerwa. Adzafunsa umboni.

"Ndikadapeza ana aja masiku atatu aja, ndikadawawerenga ndi maso anga," anatero. "Bwenzi pano tikukamba zina."

"Bwenzi mutalembanso amawo."

Mafunso anati chomwe chatsala n'chakuti amayi eniake amuuze ndi pakamwa pawo kuti amasiya ana kuseri, kangati pasabata, ndiponso chifukwa chake. Akapezeka ngakhale atatu, alemba kuti buku ndi loperewera ndipo apempha kuti ganizo liimitsidwe. Ngakhale mmodzi angathandize. Kunatsala tsiku limodzi lokha.

Masana amenewo Azakhali anasiya ana ndi anamwino n'kuyenda. Anapita kwa mayi wogulitsa makala, yemwe anali ndi mapasa. Anakana asanamalize n'komwe kufotokoza. Anapita kwa wina wochapa zovala m'nyumba za anthu. Iyeyo analira, anati Azakhali ndi mayi ake enieni, koma apongozi ake akungodikira chifukwa. Wachitatu anabisala m'bafa n'kutuma mnansi kunena kuti wachoka. Azakhali sanawakwiyire. Ndi iwo omwe anawaphunzitsa kubisala.

Chipeso anam'peza pakhonde la sitolo ina, akuluka tsitsi la mayi wonenepa yemwe anali atagona tulo pampando. Linali tsiku lake lachisanu ndi chinayi osamwa. Zala zake zinkathamanga. Katsabola anali pansi akumusankhira tsitsi logula. Azakhali analankhula motsitsa, ndipo Chipeso anamvetsera zala zisanaime.

"Akatseka, Azakhali, inuyo mupita kuti?"

"Za ine zisiye. Ndakolopapo, ndikolopanso."

"Nanga ameneyu ndizimusiya kuti zikandigwira?"

"N'chifukwa chake ndabwera."

Chipeso anamaliza mzere umodzi, nayamba wina. Anati pa zaka zinayi za mwanayo, theka wakulira m'chipinda chija. Anati mano ake oyamba anawaona ndi Azakhali, iye ali chigonere. Kenako anaseka n'kunena kuti akawauza a Mafunsowo mpaka kakompyutako kadzadze, ndipo awalukanso tsitsi lawo lomvetsa chisonilo mwaulere.

M'mawa mwake anafika nthawi yake, atavala diresi lositidwa, nalowera kutsogolo. Anasaina m'buku. Azakhali anachonga kuti wabwera bwino. Chipeso ndi Mafunso anakumana m'chipinda cha ana momwemo, ana atawatulutsa kukasewera pa udzu. Chipeso anapempha kuti Azakhali akhalepo, ndipo Mafunso analola. Anakhala pa timipando ta ana, mawondo ali m'mwamba.

Mafunso anatulutsa pepala n'kunena kuti asanafunse chilichonse ayenera kuliwerenga mokweza, ndi mmene ntchito yake imayendera. Linati dzina la woyankha sililembedwa. Linati woyankha akhoza kusiya nthawi iliyonse. Kumapeto linati wofunsa akamva kuti mwana ali pangozi, kapena amakhala m'manja mwa munthu woledzera, ali wokakamizidwa kudziwitsa mkulu wa pamalopo, ndipo chinsinsi chimathera pamenepo. Mzere umenewu anauwerenga pang'onopang'ono, ndipo ataumaliza sanadzutse maso.

Dzulo lake Azakhali sanafunse za zimenezi. Ankaganiza kuti popeza dzina sililembedwa, nkhani yathera pomwepo. Mafunso naye sananene, mwina poganiza kuti munthu wa zaka zisanu ndi ziwiri pamalopo akudziwa.

"Ndiye ndikanena kuti ndimabwera naye nditamwa," anafunsa Chipeso, "mukawauza a Ndondomeko?"

"Ndikamva, ndikanena. Sindingakunamizeni, achemwali."

"Ndili ndi ziwiri kale m'bukumo."

"Ndinaziona."

"Koma chipindachi chikhala?"

"Ndipempha. Kulonjeza sindingalonjeze."

Panja ana ankakanganirana mpira, ndipo mawu a Katsabola ndi omwe ankamveka pamwamba pa onse, akuuza wina kuti mutu wake ukunga ndowa. Chipeso anazula chipeso m'mutu, nachiyang'ana, nachibwezeramo. Anakoka pepalalo n'kupempha cholembera. Anasaina, zilembo zazing'ono ulendo uno.

"Lembani," anatero. "Mwezi wathawu, Lolemba loyamba, ndinadzuka m'mawa..."

"Dzuka," anatero Azakhali.

Chipeso anawayang'ana.

"Ndati dzuka. Pepalalo lati ukhoza kusiya nthawi iliyonse. Wasiya."

"Azakhali, ndinu munandiitana."

"Ndinalakwa. Tiye."

Anamugwira pamkono n'kumutulutsira khomo la kuseri. Mafunso anatsala atakhala pa kampando, chala chili pamwamba pa kakompyuta. Sanawatsatire ndipo sanalembe kanthu, chifukwa panalibe chomwe anamva kupatula kuti munthu anadzuka m'mawa Lolemba.

Pampopi Chipeso anasolola mkono wake. Anati iye si mwana. Anati kamodzi kokha m'moyo wake anafuna kuchita chinthu choongoka ali bwinobwino, ndiye amutseka pakamwa ngati Katsabola. Anati pali ana khumi ndi asanu ndi atatu ena, kodi amenewo si anthu? Azakhali anamusiya alankhule. Anali ataganizira za ana enawo usiku ndi usana kwa sabata zitatu.

"Kalata ija ndinaionapo," anatero pomaliza. "Amabwera awiri, mmodzi wanyamula faelo. Mwana amamufunsa kuti nsapato zako zili kuti. Sizitenga mphindi khumi."

"Mwina sakanamutenga."

"Mwina. Ine za mwina ndinasiya."

"Ndiye zikandigwira ndizitani naye?"

"Sindikudziwa. Koma akhala wako."

Chipeso anatsegula mpopi, nasamba kumaso, naitana mwana wake n'kumapita. Sanatsanzike.

Masana Mafunso anabwera kudzatenga chikwama chake. Anati pansi pa tsamba la chipinda cha ana awonjezera mzere umodzi wonena kuti n'kutheka buku silikuonetsa ana onse, ndipo kuti lamulo la kuchonga katatu liunikidwenso chifukwa likhoza kumathamangitsa amayi omwe akufunika thandizo kwambiri. Anati si zambiri. Azakhali anavomereza kuti si zambiri. Anamufunsa ngati ali ndi mwana. Anati ali naye mmodzi, wa miyezi khumi, amamusiya ndi mchemwali wake. Azakhali anati ali ndi mwayi, ndipo anamuperekeza mpaka pageti.

Mzerewo unalembedwadi. A Ndondomeko anawaonetsa Azakhali mapepala omaliza atabwera, ndipo unalipo, wa zilembo zazing'ono, pansi penipeni. Omwe anawerenga anayankha kuti nkhani ya lamulo aiona chaka chamawa. Za chipinda anatsatira manambala. A Ndondomeko analemba kalata imodzi yodandaula, yaulemu kwambiri, yosatchula za kuseri. Yankho linali lomwelo.

Miyezi iwiri yomaliza Azakhali anagwira ntchito monga kale. Khomo la kuseri linkagogodedwa, iwo ankatsegula. Ena mwa amayi aja omwe anakana kulankhula ankabwera maso ali pansi, ndipo Azakhali sanawakumbutse. Chipeso anasowa sabata zitatu, kenako anabwera kuseri, maso ofiira, n'kukankhira Katsabola m'kati. Madzulo anataya madzi kawiri. Kachitatu anafika nawo.

Tsiku lomaliza kunabwera ana khumi ndi awiri, m'buku asanu. Azakhali anauza mayi aliyense kuti atenge kapu ya mwana wake. Timatiresi anatenga ndi anamwino kukapereka ku chipatala chaching'ono chapafupi. Buku linalowa mu kabati ya ku ofesi.

Azakhali sanawachotse ntchito kotheratu. Amabwera katatu pasabata kudzakolopa holo ndi kolido. Amati m'holo anthu achepa. Amayi a khomo la kutsogolo akubwerabe. A kuseri aja, omwe ankati akasiya mwana nthawi zina ankalowa m'holo masana mutu ukapepuka, ambiri anasiya. Palibe amene akuwerenga zimenezo, chifukwa kuwunika kotsatira kuli patali zaka zitatu.

Poyamba amayi atatu ankabweretsa ana kunyumba kwa Azakhali masiku omwe sakukolopa. Eni nyumba anati malowo si sukulu, ndipo chimbudzi ndi chimodzi cha mabanja asanu. Zinathera pomwepo. Mapasa a wogulitsa makala anawatenga a ku ofesi yoona za ana mwezi wachinayi chitsekereni chipinda, mnansi atawapeza okha pamsewu. Mwana wa wochapa zovala ali kwa apongozi. Mwana wina ali kwa agogo ake kumudzi.

Katsabola akadali ndi amake. Zikamugwira, Chipeso amamutsekera m'nyumba ndi buledi ndi botolo la madzi, machesi amawaika m'thumba mwake, kiyi amasiya kwa mnansi wosoka zovala. Azakhali amadutsako Loweruka. Akapeza loko pachitseko amalankhula ndi mwanayo pazenera, ndipo iye amawauza zonse. Akapeza chitseko chotsegula, Chipeso amawapatsa mpando n'kuwaphikira tiyi. Za tsiku lija sanakambiranepo.

M'chipinda cha ana pano asungiramo mipando yothyoka ndi mafaelo akale, ndipo khomo la kuseri analikhomera ndi thabwa. Mwa ana khumi ndi asanu ndi anayi aja, Azakhali akudziwa komwe kuli asanu.